Ana Mazana Asanu a Jackson Sakala

Tsiku lachitatu la maphunziro, Ottilia anali akuopabe kompyuta ngati galu wa eni. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ankasunga makadi a ana a sikelo mu ofesi ya bungwe lina loona za umoyo wa ana ku Katete, ndipo palibe khadi lomwe linamusowapo. Koma mu 1990 akuluakulu anabweretsa chimakinachi, pamodzi ndi Christine, mtsikana wa ku Lusaka woti amuphunzitse kuchifunsa mafunso.

Zonse za m'makadi zinali zitalowetsedwamo kale, ngakhale za ku Sinda ndi ku Vubwi zomwe Ottilia sanazigwirepo. Munali mindandanda iwiri. Wina unali wa amuna onse okwatira a m'midzi ya bungwelo, aliyense ndi nambala yake. Wina unali wa ana, ndipo pamzere wa mwana aliyense panali mudzi, dzina la mayi ndi nambala ya bambo. Dzulo lake anaphunzira kufunsa mndandanda umodzi. Tsopano anayenera kufunsa iwiri pamodzi.

"Sankhani bambo amene mumudziwa," anatero Christine, "muiuze ikupatseni ana ake. Iyi sinama, amayi."

Ottilia anasankha mwamuna wake. Jackson Sakala analimo chifukwa anamanga nyumba kwawo kwa mkazi wake kufupi ndi Vubwi, monga mkamwini aliyense, ndipo dzinja lililonse ankapita kukalima munda wa apongozi, Ottilia n'kutsala pantchito. Dzinalo analisankha dala, poti yankho ankalidziwa: palibe. Zaka khumi ndi ziwiri m'banja, mimba ziwiri zopita padera, basi. Zinali zowawa, komabe funso lomwe yankho lake ukulidziwa silingakuchititse manyazi pamaso pa mwana wa dzana.

Analemba mawu a Chingelezi aja ndi zala ziwiri, akuyang'ana m'kope, kenaka anadina batani.

Galasi la kompyuta linadzaza mayina obiriwira. Jackson Sakala, Tisauke. Jackson Sakala, Amosi. Jackson Sakala, Sauda. Mizere inatsika mpaka pansi.

Ottilia anasendeza nkhope kufupi ndi galasilo. Mantha omwe anawabisa zaka zonsezi, ngakhale kwa amayi a chigwirizano kutchalitchi, anali atalembedwa poyera, mwana wa eni akuwerenga. Anakumbukira madzinja aja, miyezi inayi inayi mwamuna ali kutali, ndi mmene ankabwerera atanenepa kuchokera kolima. Anafuna kuzimitsa makinawo koma sankadziwa podina.

Christine anawerama n'kudina batani. Panabwera mayina ena. Anadinanso, enanso. Atafika kumapeto anaphulika ndi phwete.

"Ana faivi handiredi na fote! Amayi, a Sakala amalima nthawi yanji?"

Ottilia sanaseke. Mtsikanayo ataona nkhope yake anadzigwira pakamwa n'kukoka mpando.

"Pepani. Vuto si a Sakala, ni funso lanu. Mwaiwala kumangirira. Kompyuta ni chitsiru chomvera, imachita chabe zimene mwaiuza. Simunaiuze kuti nambala ya bambo kwa mwana ifanane na nambala ya a Sakala. Ndiye yatenga ana onse, a Katete, a Sinda, a Vubwi, yawapatsa munthu mmodzi. Onani, na Sauda wa a Jafali a pa shopu alipo."

Analipodi, Sauda yemwe Ottilia ankamuona tsiku lililonse kumbuyo kwa amake.

"Aliyense amalakwa pamenepa," Christine anapitiriza. "Ine tsiku loyamba ninapatsa abusa ana sauzande."

Apo m'pamene Ottilia anaseka, kuseka kwa munthu amene wapulumuka, mpaka anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kenaka manyazi anamugwira. Munthu wanji woweruza mwamuna wake chifukwa cha bokosi la magetsi? Jackson yemweyu ndi amene anabweza alongo ake pakhomo atabwera kudzamuuza kuti asiye mkazi wosabereka. Ndi yemweyu amene kwa zaka ziwiri ankamuletsa kupita kumudzi poopa zigawenga zodutsa malire kuchokera ku Mozambique, iye n'kumapita yekha. Ngakhale mayi ake a Ottilia, omwe kale ankamutumizira mizu ndi makungwa mwezi ndi mwezi, anali atasiya kumufunsa za mwana, ndipo Ottilia ankaganiza kuti Jackson ndiye anawakhazika mtima pansi. Anaganiza zoti madzulo akamuphikire nkhuku, akamufotokozere za ana ake mazana asanu, akaseke onse awiri.

Lamya inalira mu ofesi ya bwana, wina n'kuitana Christine kuti ndi ya ku Chipata.

"Konzani mweka," anatero akutuluka. "Mzere umodzi chabe. Mukapeza palibe, ndiye kuti mwakhoza."

Ottilia anakhala bwino pampando. Kwa nthawi yoyamba sanatsegule kope. Analemba funso lonse mwatsopano, nawonjeza mzere womangirira uja, nauwerenga kawiri chilembo ndi chilembo. Panalibe cholakwika, ndipo anadzimva kunyada. Anadina batani.

Ana a eni onse anabwerera kwa atate awo. Pagalasi panatsala mzere umodzi: Ezara Sakala, miyezi khumi ndi umodzi, mudzi wa kwawo kwa Ottilia. Nambala ziwiri zija zinali zofanana ndendende. Pa dzina la mayi panalembedwa Mailesi Mvula, mng'ono wake wa Ottilia wa bere limodzi.