Tiyi wa Aphunzitsi

Kamphepo ankathira tiyi wa m'mawa m'chipinda chachitatu pamene Aphunzitsi, gogo wa m'chipindamo, anayamba kuyankhula zosamveka.

Dzina la Kamphepolo anamupatsa ndi iwo omwewo, poti panyumba yosungira okalambayo panalibe wantchito wina woyenda msanga ngati iye. Tsiku lililonse ankamuseka: "Iwe mdzukulu, ameneyu ndi tiyi kapena madzi otsukira mbale?" Koma lero pakamwa pankangotseguka, mawu n'kumatuluka ngati a wailesi yotha mabatire.

Kamphepo anangoganiza chinthu chimodzi. Sitiroko. Lamulo ankalidziwa pamtima, linamatidwa pakhoma pamwamba pa foni: wokalamba akasintha mwadzidzidzi, imbirani adokotala nthawi yomweyo. Chaka chatha gogo wina anapita chifukwa mnzake wantchito anati tione kaye.

"Agogo, ndiyang'aneni. Mukundimva?"

Aphunzitsi anatong'ola maso, akumuloza ndi chala. Kapu inapulumuka m'dzanja la Kamphepo n'kusweka pansi. Ndi mantha chabe, anadziuza choncho, komanso mutu uja wadzuka nawowu.

Anathamangira ku foni ya pakhonde, patapata yakumanja ikukhulika pasimenti ngati yaduka. Manambala ankasambira m'maso mwake. Foni inalowa ulendo wachitatu. Anafotokoza zonse monga anaphunzitsidwira: chipinda, zaka zawo, nthawi imene zayambira. Adokotala nawonso ankangong'ung'udza kutsidya kuja. Mafoni a panyumbapo anali otero kale. Kumbuyo kwake belu la m'chipinda chachitatu linkalira osalekeza.

Anabwerera akugwirira khoma, nakhala pansi pafupi ndi bedi, nagwira mkono wa nkhalambayo.

"Musandisiye, agogo. Akubwera."

Iwo misozi ili chuchuchu, ankangomusisita kumutu.

Ambulansi sinachedwe. Amuna awiri analowa ndi machira, namwino wamkulu ali patsogolo. Kamphepo anawalozera bedi. Iwo sanayang'aneko n'komwe. Anagwada pamene anali iyeyo, wina namugwira mkono wamanja, umene unali lende ngati nsalu yonyowa.

"Zayamba eyiti koloko itangodutsa kumene," Aphunzitsi ankauza namwinoyo, mawu awo ali bwinobwino, chala chikadali pa belu. "Mlomo wake wapotoka akundithirira tiyi, kuyankhula kwake osamveka. Ndamuuza kuti akhale pansi ndiitane anthu, koma mukumudziwa Kamphepo."