Mkamwini Amene Anawongola Mano a Sowo

Panali munthu wina ku Chifubu, ku Ndola, dzina lake Jairus. Nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo amene amaifotokoza sanama tsiku lililonse. Chinali chaka cha ufulu, kopa akuyenda malonda, ndalama zikununkha m'tauni monse. Jairus ankanyamula makatoni pa fakitale ina ku Heavy Industrial, koma akavala suti mukanayesa fakitaleyo ndi yake.

Mnyamatayu anakonda Jenala, mwana wa aAbednego, mkulu wa mpingo uja tinkati wa Dachi. Ankhoswe anamvana, ukwati nauika pa Loweruka lenileni la ufulu kuti chimwemwe chikhale pawiri.

Tsono kwathu kum'mawa mkamwini amayesedwa ndi khasu m'munda wa apongozi. Ku Chifubu munda unalibe. M'malo mwake aAbednego anatulutsa sowo yakalekale, yofiira ndi dzimbiri, chigwiriro chili gwedegwede.

"AJairus, sowo iyi inali ya malemu atate anga, inapala mabenchi a tchalitchi kwathu. Muikonze, mucheke nayo thabwa la mukwa ili, mupange benchi yokhalapo inu ndi mkazi wanu pa ukwati. Palibe benchi, palibe ukwati. Chotsani dzimbiri, limbitsani chigwiriro, koma mano musawakhudze."

"Zazing'ono izo, atate," anatero Jairus, osafunsa chifukwa.

Anaviika sowoyo m'palafini, naikwecha ndi sandipepa mpaka anayamba kudzionera nkhope. Chigwiriro anachimanga ndi waya wa kopa. Mpaka apa zonse zinali bwino. Koma ataiyang'ana cham'mbali anaona kuti mano ake ndi okhota, lina lapendekera uku, lina uko.

"Ha! Akuluakulu aja maso atha," anadziuza yekha. "Ine ndiwadabwitsa."

Anakwera basi kupita ku Kitwe, poti ku Ndola wina akanamuona. Pafupi ndi msika anapeza munthu pansi pa mtengo akukonza maambulera. Ankadzitcha Injiniya Patson.

"Shani, muli bwanji, ba boss! Awe, sowo yabwino, koma yadwala," anatero Patson. "Azungu onse a ku Parklands amabwera kwa ine. Mano otere ndi a nthawi ya atsamunda. Sowo ya ufulu imafunika mano oongoka ngati asilikali pa pelete."

"Koma apongozi anati ndisawakhudze."

"Nanga mukukhudza ndinu? Ndikukhudza ndine, mukwai, bwana wanga."

Jairus anaona kuti mawuwo ndi anzeru. Patson anagoneka sowo pa chidutswa cha njanji, naisasantha ndi hamala mpaka mano onse anafola mzere umodzi. Malipiro anatenga wotchi ya pamkono ya Jairus.

Kutatsala masiku ochepa, Jairus anafika kwa apongozi atavala suti, ataitananso anzake kuti adzaone luso. Jenala ndi amayi ake anakhala pakhonde. Sowo inang'anima, anthu nkuwomba m'manja.

Anayamba kucheka. Poyamba inalowa bwino. Itafika mkati pang'ono inayamba kulira ngati mbuzi yomangidwa, kenaka gwa! Kukankha, ayi. Kukoka, ayi. Anavula jekete. Anathira sopo. Anapondetsa phazi pathabwa nakoka ndi mphamvu zonse za ku fakitale. Chigwiriro chinazuka, iye chagada m'ngalande, miyendo m'mwamba, sowo ili chiimire m'thabwa.

"Amayi, ukwati uja ndi wa ine ndi uyu?" anafunsa Jenala, misozi ya kuseka ili mbwe.

AAbednego anakhoma kamtengo mumng'alu, nasolola sowoyo, naiyang'ana cham'mbali.

"AJairus, ndani wawongola mano awa?"

"Injiniya, atate."

"Injiniya wa chiyani?"

"Wa... maambulera."

Anzake aja anagwa pansi ndi phwete.

"Mwana wanga, manowa amawapinda dala," anatero aAbednego. "Lina kumanja, lina kumanzere, kuti njira ikule, sowo ipeze podutsa. Onse akayang'ana kumodzi, thabwa limailuma. Nayi hamala yaing'ono ndi msomali. Mubwezeretse dzino lililonse mmene linalili. Mukathyola limodzi, ankhoswe anu akayambirenso kugogoda."

Jairus anathamangira ku Kitwe kuti akatengenso wotchi yake. Pansi pa mtengo paja anapeza mayi wogulitsa finkubala, mphalabungu za kumeneko. Injiniya anali atasamukira ku Kongo.

Loweruka la ufulu linafika. Ng'oma zinalira, malole odzaza anthu akudutsa, aliyense akufuula "Kwacha!" Jairus anali pansi pa mango kuseri kwa nyumba ya apongozi: kho, kumanja, kho, kumanzere. Jenala anamubweretsera munkoyo, thobwa la kumeneko.

"Imwani, aJairus. Dziko lonse lamasuka lero, mwatsala inu nokha pa chibalo."

Ukwati unachitika mvula itagwa kale. Benchi inapangidwa ndi sowo yomweyo, ndipo ngakhale inkatsimphina mwendo umodzi, anakhalapo onse awiri osagwa. Akuti mpaka ukalamba wawo, Jairus akati ayambe kulamula kuti m'nyumba onse aziganiza ngati iye, Jenala ankangoloza sowo ili pakhoma nkunena kuti, "Bambo, musandiwongole. Mukanirira m'thabwa."

Phunziro: Sikuti chilichonse chokhota ndi chowonongeka. Akulu akakuuza kuti apa usakhudze, funsa chifukwa usanathamangire kwa injiniya wa pansi pa mtengo. Tumizani nkhaniyi kwa akamwini onse amene mukuwadziwa, makamaka aja ovala suti, asanawongole za apongozi awo.