Tsaya la Mayi Radojka

Opaleshoni ili mkati, mzere wa pamakina oyeza kunjenjemera kwa tsaya unangoti zii, Dokotala Zorka asanakhudze n'komwe mtsempha wa magazi umene unkanjenjemeretsa tsaya la Mayi Radojka.

"Milutin, mwawapatsa chiyani?" Zorka anamufunsa mnzake wogonetsa odwala.

"Mankhwala ofooketsa minofu, pang'ono chabe. Amafuna kutsokomola."

"Osandiuza? Kunjenjemerako kukasiya ndi pamene ndimadziwa kuti ndasuntha mtsempha woyenera. Ndili m'mutu mwa munthu, inu n'kundithimitsira nyale?"

Milutin anangoyang'ana jakisoni amene anali m'manja mwake.

Zorka anaika chitsulo chake pambali.

"Tidikira mankhwala anuwo athe mphamvu, mutu uli wotsegula chonchi. Mayiwa akhala zaka akubisa nkhope mumpango, kupempha Mulungu kuti tsaya lisiye kunjenjemera. Lero lokha ndimafuna linjenjemere."