Tsiku Limene a Mtonga Anamwetsa Kompyuta Madzi

Panali munthu wina pa boma la Lundazi, a Danwell Mtonga, mlembi wa mpingo. Nkhaniyi ndinaimva kwa amene analipo, ndipo ndikuipereka mmene anandiuzira, osathirapo mchere wanga.

M'chaka cha 1998 mpingo wawo unalandira kompyuta kuchokera kwa abale akunja. A Mtonga anainyadira ngati mwana wachisamba. Amayi a mpingo anailukira nsalu yamaluwa, iwo n'kuifunditsa bwinobwino, n'kuikankhira kukhoma kuti fumbi lisaione.

Woigwiritsa ntchito anali mayi Faides Zimba, amene anaphunzira kutaipa ku Chipata. Ankalemba buku la mbiri ya mpingo, loti liwerengedwe pa chikondwerero cha zaka makumi asanu ndi awiri. Miyezi isanu anapalasa njinga mpaka ku Magodi, kukamvetsera okalamba akufotokoza mmene ankapempherera pansi pa mtengo. Atatu mwa iwo anatisiya bukulo lisanathe. Mawu awo anatsala m'kompyutamo.

Okutobala atafika, dzuwa likuswa mtengo, kompyuta inayamba kuzima yokha masana.

"Adada, ikutenthedwa," anatero mayi Zimba. "Kumbuyo kuli kafani, ndiyo mphuno yake. Tichotse nsalu, tiisunthe kukhomaku, fumbi tilipope ndi pampu ya njinga. Basi."

"Pampu ya njinga?" a Mtonga anakweza mawu. "NyaZimba, chinthu chokwela ndege mpaka kuno muchipope ngati tayala? Nanga alendo akabwela achipeze chosavala?"

Patapita masiku awiri kunatulukira munthu wa ovolosi, bokosi la zitsulo lili pa keliyala ya njinga yake. Anati ndi Ezron, wokonza zigayo, ndipo anagwirapo ntchito ku Joni.

"Monile adada. Namva makina yanu yadwala malungo. Ndifunseko: chigayo cha kwanu chimazizila ndi chiyani?"

"Dilamu ya madzi."

"Nanga galimoto?"

"Madzinso."

"Ndiye mwayankha nokha! Mphepo ndi ya amphawi, adada. Ku Joni makompyuta ya mabwana yamamwa madzi."

Munali choona pang'ono m'mawu akewo, ndipo bodza lovala choona ndilo sililephera kulowa m'nyumba. A Mtonga anadziona kale ali munthu woyamba m'boma lonse kukhala ndi kompyuta ya madzi.

"Adada," anachonderera mayi Zimba, "chigayo chikadontha, madzi yamagwela pa dothi. Umu yadzagwela pa magetsi. Munthuyu timudziwa kuti?"

"Mlembi pano ndine."

Mayiyo sanakangane nawo. Anangopempha kuti Ezron ayambe mawa lake. Masana onsewo a Mtonga anaona mayiyo akulowetsa timadisiketi takuda m'kompyuta n'kumatulutsa, kamodzikamodzi. Anaganiza kuti wangokwiya.

Kutacha, Ezron anatsegula kompyuta, n'kuzula kafani kaja. M'malo mwake anaikamo kapaipi ka kopa kochokera m'firiji yakufa, n'kukalumikiza ku machubu, n'kumanga polumikizira ndi mphira za chubu cha njinga. Chidebe chimodzi anachiika pamwamba pa kabati, china pansi. Madzi anayamba kuyenda. Nsalu yamaluwa inabwerera pamalo pake.

Ndipo zinagwiradi! Masiku awiri athunthu kompyuta sinazime. Ezron anatsanzika, nkhuku ziwiri zikulendewera pa njinga. A Mtonga anaitana aphunzitsi ndi akuluakulu a mpingo kuti adzaone. Masiku awiri omwewo anakhala chilili, akulembetsa mayi Zimba mawu oyamba a bukulo: masamba asanu ndi limodzi onena za a Mtonga, makolo awo, ndi nzeru zawo pobweretsa chitukuko.

Tsiku lachitatu, alendo atadzaza mu ofesi, mphira ina inamasuka. Palibe anaona, poti nsalu inaphimba. Kunangomveka kuti thu! Kenako kautsi ndi fungo la waya wopsa.

A Mtonga anakhala pansi osauzidwa. Chikondwerero chinali chitatsala masiku asanu ndi anayi. Anakumbukira okalamba atatu aja, amene sakanawafunsanso. Anatuma anthu kukafuna Ezron, koma pa msika palibe amene ankadziwa mudzi wake.

"NyaZimba," anatero motsitsa mawu, "ndapha akufa kachiwili."

Mayi Zimba anamasula kansalu kamene anamanga m'chikwama. Munali timadisiketi tisanu.

"Onse ali umu, adada. Ndinawasamutsa tsiku lija munthu wanu asanagwile. Zasowa ndi za masiku awili aya chabe."

M'mawa anakwera minibasi ya ku Chipata, nakasindikiza bukulo kumene anaphunzira. Pa tsiku la chikondwerero linawerengedwa, ana ndi zidzukulu za okalamba aja akulira ndi kululutira pomva mawu a makolo awo. Munali mawu a aliyense, kupatula a munthu mmodzi.

Nthawi yawo yolankhula itakwana, a Mtonga anaimirira. "Abale, masamba yanga sikisi Mulungu anawawelenga yekha, ndipo anaona kuti siyofunika. Imililani NyaZimba, mpingo ukuoneni. Uyu ndi mwana wa kuno kwathu, sanapite ku Joni."

Tchalitchi chonse chinaimirira naye.

Akuti chaka chotsatira, kompyuta ina itabwera, nsalu yamaluwa inapita pa tebulo la abusa. Ndipo Lolemba lililonse m'mawa anthu ankawaona a Mtonga atagwada kuseri kwa desiki, tayi ali pakhosi, akupopa fumbi ndi pampu ya njinga yawo.

Phunziro: Musanyoze malangizo chifukwa ndi osavuta, kapena chifukwa wowanenayo mumamuona tsiku ndi tsiku. Chimene chimaziziritsa chigayo chikhoza kupha kompyuta. Madzi amafuna mmisiri weniweni, osati wodutsa. Ndipo chamtengo wapatali musachisunge pamalo amodzi. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene ali ndi NyaZimba wawo koma sakumumvera. Ambuye atipatse makutu.