Wa M'kachipinda ka Kuseri

Kodi mungalote kuti Daliso anali ndani panyumba ija ya malata obiriwira, kumtunda kwa msika wa pa Chama? Wantchito, wachibale wosauka, kapena munthu wa lendi wa m'kachipinda ka kuseri? Sungani yankho lanu.

Loweruka limenelo dzuwa linatuluka Daliso ali kale padenga, misomali kukamwa, nyundo m'manja. Mvula ya Lachiwiri inali italowa m'chipinda chogona cha mayi Immaculate, namwino wochokera ku Kitwe, n'kunyowetsa matiresi onse. Mayiwo sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoima pakhonde atapinda manja, nati, "Ba Daliso, sitingapitirire chonchi. Loweruka ndidzakuuzani chimene ndaganiza."

Kuchokera tsiku limenelo chakudya sichinkatsika. Kusukulu kumene ankaphunzitsa masamu analemba funso limodzi kawiri pabolodi, ana n'kumaseka chamumtima. Ankadziwa bwino lomwe kuti mayiwa akangolankhula mawu amodzi oipa, mapeto ake iye adzatuluka pageti lija atasenza mphasa, osadzabwereranso.

Nanga akanalowera kuti? Mkazi wake, Mwaka, anali kwa makolo ku Tembwe pamodzi ndi mwana wawo, chifukwa kachipinda ka kuseri kanamangidwa kuti kazisunga matumba a mpunga, osati banja. Munkalowa bedi limodzi ndi njinga, basi. "Pirira pang'ono, zinthu zikhala bwino," ankamuuza pafoni. Pang'onopo panali patakwana zaka ziwiri.

Denga limenelo ankalidziwa ngati chikhato chake: malata makumi anayi ndi awiri, ndi malo alionse pamene dzimbiri linayambira. Anakhomerera, anamata phula, natsika. Asanaponde n'komwe pansi anaona mzere wa chiswe ukukwera khoma la kukhitchini. Anaupala ndi khasu. Atatembenuka anapeza kuti mbuzi za aneba zaboola mpanda n'kudya repu wa mayi Immaculate. Anathamangira waya. Ali pa waya, khutu linamva mpopi ukudontha kuseri: tho, tho, tho. Anasiya waya, natola sipanala. Ankangozungulira nyumbayo ngati nkhuku yosowa poikira.

M'thumba la malaya ake munali kalata yopindidwa kanayi. Anali ataiwerenga mpaka kuiloweza, komabe dzanja linkangopitako. Tsiku lomaliza linalembedwa ndi zilembo zakuda bii, ndipo linali litayandikira.

Jeremy, mphunzitsi mnzake, anaimitsa njinga pamsewu.

"Iwe Daliso! M'mawa ndakuona padenga ngati khwangwala, manje uli m'matope ngati bakha. Tiye kumpira!"

"Pita, ndili ndi zochita."

"Abwana sanakupatse tchuthi?" Jeremy analoza nyumba ndi chibwano, nafa nacho chiseko. "Ndinakuchenjeza ine, mphwanga. Sunamve."

Daliso anangoyang'ana pazenera kuti aone ngati mayiwo amva. Katani sanagwedezeke.

Dzuwa linafika pamutu. Chitseko chinali chikhalire chotseka. Iye anasesa bwalo limene anali atasesa kale, natola masamba pansi pa mtengo wa mango umene anabzala yekha chaka chimene anafika pamalopo. Chaka chino unali utabereka koyamba. Kodi mango achiwiri adzadya ndani? Anakhala pachitsa, nadzuka. Anasamba m'manja, nakhalanso. Kiyi wina wa chitseko chachikulu anali naye, koma chiyambire anali asanalowemo popanda kuodira.

Kenaka loko analira.

Mayi Immaculate anatuluka ndi mpando, nakhala pakhonde, kachikwama kali pamiyendo. Daliso anayandikira chipewa chili m'manja, naima pamasitepe.

"Khalani pansi, Ba Daliso, mukundizunguza mutu."

Anakhala pasitepe ya m'munsi.

"Denga mwatha?"

"Ndatha, mayi. Ngakhale igwe yamatalala, simudzaona dontho. Mpopinso ndamanga. Mbuzi zija ndalankhula ndi eni ake. Ngati pali china, nenani, ndichita lero lomwe."

"Lekani kuthamanga. Manje mvetserani." Mayiwo anapukuta magalasi awo pang'onopang'ono, ngati kuti padziko palibe wofulumira. "Miyezi itatu iyi mutu wanga sunapume. Ndafunsa abale, ndafunsa anzanga a kuntchito, aliyense ndi nzeru zake. Ndaganiza kuti zinthu zikhale monga zilili. Tipitirize chaka china."

Daliso anaomba m'manja mwaulemu. Mwaka anabwera m'maganizo mwake, ndi mwana akuthamanga pansi pa mango.

"Za matiresi tidzakambirana, musaganize kuti ndaiwala," anatero mayiwo, akutsegula kachikwama. Anatulutsa envelopu namupatsira. "Ya mwezi uno iyi. Kunena zoona, ndinafuna kugula nyumba yangayanga kuno ku Chama, ndipo ndinaipeza kale. Koma zaka ziwiri izi ndakhala ndikukuonani mmene mukuondera. Iyayi, ine lendi yandikwana."

Daliso analandira ndi manja awiri, naika envelopuyo m'thumba limodzi ndi kalata ya kubanki, kumene anakongola ndalama zogulira nyumbayo. Mwini nyumba anali iyeyo.