Mwaye wa Mayi

Ndinamupeza Awwad ali pamakwerero m'phanga lathu lakale, akupala mwaye kudenga ndi burashi yawaya.

"Tsika, mlongo wanga. Ukufufuta chiyani?"

"Mabwana akuti alendo amabwera ku Petra kudzaona mwala wofiira wa anthu akale, Fiddah. Osati utsi wa oweta mbuzi."

"Ha! Lero mbuzi zanunkha? Si iwe unkayamwa kumawere kwake, mamina ali chuchuchu?"

Sanaseke. Mwaye unkagwera pamapazi anga. Unali wa moto wa mayi, amene anaphika mikate pachiwaya muno zaka makumi atatu, boma lisanatisamutsire ku nyumba za simenti kumtunda. Pamanda pawo pali mwala wopanda dzina. Chimene anasiya padziko ndi denga lakudali.

"Siyako pakona pokha, paja ankakhala."

"Mawa abwera kudzayendera. Akapeza pakuda, ntchito apatsa wina, ndipo iyeyo apalabe."

Alendo awiri analowa akupuma wefuwefu ndi masitepe. Anayang'ana mbali yopalidwa, mizere yofiira ndi yachikasu, n'kuyamba kujambula. Wina anandikodola kuti ndisunthe, ndikutchinga.

Sindinasunthe. Ndinavula mpango wapaphewa, n'kuuyala pansi pa makwerero.

"Pala tsono, mwana wa mayi. Koma upale bwino, wonse ugwere apa."

Anapala osandiyang'ana. Atamaliza, ndinamanga mpangowo mfundo ziwiri. Ndinatsika nawo mayi masitepe onse aja, ndikupatukira anthu okwera kukaona manda a mafumu amene palibe akuwalira.