Gang'a ndi Mapiko a Ngumbi

Padangotero! Tili tonse.

M'chulu china munali Gang'a, msilikali wa chiswe, ndi mlongo wake Ngumbi, amene ankamera mapiko kuti akafune malo atsopano.

"Iwe Ngumbi, watitopetsa!" anakalipa Gang'a. "Chulu chikudontha, ana ali ndi njala, iwe uli kalikiliki kuyesa mapiko. Kumwambako kuli munda wako?"

"Achimwene, mtundu wonse uli m'chulu chimodzi. Chikagumuka tidzalowera kuti?"

"Chigumuke? Chinamangidwa agogo asanabadwe!"

Mvula yoyamba itagwa, Ngumbi anauluka ndi anzake. Ambiri anadyedwa ndi mbalame, ena anathera m'mabeseni a anthu. Gang'a anangoti, "Si ndinanena?"

Chilimwe chitafika, kunabwera oumba njerwa ndi makasu. Gang'a anawaluma zala mpaka kutopa, koma pofika masana chulu chonse chinali matope.

Gang'a anatsimphina masiku atatu, n'kupeza kachulu kutsidya kwa dambo. Pakhomo panali Ngumbi, mapiko atathothoka kale.

"Nyumba yake yomweyi?" anatero Gang'a. "Kuchepa chonchi?"

Ngumbi anapumira m'mwamba. "Lowani, achimwene, linthumbu likubwera. Mukadandaulira m'kati."

Yathera pamenepo.